Mbiri ya Bishopu Mackenzie tiziifotokoza yonse

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za Ambuye Bishopu Charles Frederick Mackenzie, bishopu woyamba wa mpingo wa Anglican kuponda m'dziko muno. Ambiri dzinali amalidziwira pa sukulu ija ya ku Lilongwe, ndipo ena amalimva m'tchalitchi pa 31 Januwale, tsiku lomwe anamwalira m'chaka cha 1862. Chondidandaulitsa n'chakuti mbiri yawo timaidula kwambiri. Paguwa ngakhale m'kalasi timangoti anabwera ndi a Livingstone, anamasula akapolo, anadwala malungo, n'kumwalira. Palibe bodza pamenepa, koma mwana akamva zimenezi amaganiza kuti imfayo inangogwa ngati mphezi. Munthu wa zaka 36, wojintcha, woyenda mitunda osatopa, anatha patangopita miyezi 13 chidzozedwereni, ndipo mishoni yake inasamuka ku Magomero isanakwanitse n'chaka chomwe. Zimenezi zinali ndi zifukwa zake, ndipo eni ake anazilemba m'makalata ndi m'mabuku awo a tsiku ndi tsiku. Zambiri mwa izo zinali zinthu zomwe anthu anasankha okha.

A Mackenzie anabadwa pa 10 Epulo 1825 ku Scotland. Anaphunzira ku Cambridge ndipo masamu anali kudya kwawo: pa mayeso a 1848 anakhala wachiwiri pa onse. Akanatha kukalambira pa yunivesite pomwepo akuphunzitsa, koma mu 1855 anatsagana ndi Bishopu John Colenso ku Natal kukagwira ntchito ya uakidikoni (wansembe wamkulu wothandiza bishopu), ndipo anakhalako zaka zinayi. Africa anali ataiwonako ndithu, kungoti Natal ndi chigwa cha Shire n'zosiyana kutali. Kumeneko kunali doko, ngolo za ng'ombe, masitolo ndi boma la Angerezi pafupi.

Pa 4 Disembala 1857 a David Livingstone anayankhula ku Cambridge, kupempha kuti anthu abwere kuno ndi Chikhristu ndi malonda abwino kuti malonda a anthu athe. M'pempho limeneli ndi momwe munabadwa bungwe la mishoni lomwe timalidziwa kuti UMCA (Universities' Mission to Central Africa), ndipo mu 1859 a Mackenzie anasankhidwa kulitsogolera. Kudzozedwa kwawo kunali ndi vuto lake la malamulo. Masiku amenewo bishopu wa mpingo wa ku England ankapatsidwa dera lomwe lili pansi pa ulamuliro wa Britain, ndi chikalata cha mfumu. Kuno Britain analibe ulamuliro uliwonse. N'chifukwa chake mwambowo unachitikira ku Cape Town, m'tchalitchi cha St George, pa 1 Januwale 1861. Anawasanjika manja anali Bishopu Robert Gray wa ku Cape Town, a Colenso a ku Natal ndi a Piers Claughton a ku St Helena, atatu monga mwambo wakale wa mpingo umafunira. Anadzozedwa kukhala bishopu wa mitundu ya anthu okhala cha ku nyanja ya Nyasa ndi mtsinje wa Shire, opanda malire a dayosizi, opanda tchalitchi, opanda mkhristu ndi mmodzi yemwe wowadikira.

Vuto loyamba linaonekera pamadzi. Atakumana ndi a Livingstone kumatsiriro a Zambezi mu Febuluwale 1861, a Livingstone anaumirira kuti ayese kaye mtsinje wa Rovuma pofuna kupewa Apwitikizi. Njirayo inakanika ndipo miyezi pafupifupi itatu inapita pachabe. Analowa mu Zambezi pa 1 Meyi, madzi atayamba kale kuphwa, pa sitima yotchedwa Pioneer. Sitimayi inkafuna madzi akuya pafupifupi mita imodzi ndi theka, pomwe malo ambiri mu Shire nthawi ya chilimwe sakwana pamenepo. Ikatitimira mumchenga ankatenga nangula pa boti, kukamuponya kutsogolo, kenako onse n'kumakoka chingwe mpaka sitima itasuntha pang'ono, n'kubwerezanso. Bishopu ankakoka nawo, ndiponso ankatema nawo nkhuni zosonkhezera injini. Anafika kwa Chibisa, kufupi ndi boma la Chikwawa la lero, pa 8 Julayi. Aliyense pa sitimapo anaona ndi maso kuti njirayi yawadyera miyezi iwiri ndi sabata, komabe mishoni yonse inakhazikitsidwa podalira njira yomweyo. Ufa, mankhwala, makalata ndi nsalu, zomwe zinali ndalama yogulira chakudya, zonse zimayenera kudzera mmenemo.

Pa 15 Julayi ananyamuka kukwera mapiri. Bishopu analembera kwawo momwe ankaonekera paulendowo: mfuti yodzaza kale kudzanja lamanzere, ndodo ya ubishopu yomwe anawapatsa ku Cape Town kudzanja lamanja, chitini cha mafuta kutsogolo, thumba la mbewu kumsana. Mawa lake, ali m'mudzi wa Mbame, gulu la akapolo linatulukira. Amuna anali m'magoli, mtengo wamphanda pakhosi ndi chitsulo chotsekera kumbuyo, pomwe amayi ndi ana anali omangidwa ndi zingwe. Oyendetsa gululo ataona azungu ndi Amakololo, anthu omwe a Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, anathawira kutchire. Zingwe anadula ndi mipeni, magoli anachita kucheka ndi sowo, ndipo anthu 84 anamasuka. Pa nthawiyo bishopu anali kumtsinje kukasamba. Atabwerako anavomereza zomwe zinachitikazo ndipo analandira anthuwo kukhala m'manja mwawo.

Mfundo imene imasowa tikamakamba za tsikuli ndi yakuti anthu aja ankapita nawo ku Tete, kwa Apwitikizi. Malonda a anthu m'dera lino anali ndi misika ingapo ndi ogulitsa amitundu yosiyanasiyana. Koma azunguwo anamva mbali imodzi, ya mafumu a Amang'anja, omwe anawauza kuti gwero la mavuto onse ndi Ayao.

Mfumu Chigunda inawapatsa malo ku Magomero, m'boma la Chiradzulu la lero. Malowo anawasankha chifukwa cha nkhondo. Mtsinje wa Namadzi unkazungulira malowo mbali zitatu, kotero kuti kumanga linga mbali yotsalayo kunali kokwanira kutseka mudzi wonse. Pa chitetezo anaganiza bwino, koma pa zaumoyo analakwitsa. Malowo anali m'chidikha, mphepo siinkadutsa bwino, ndipo m'kanthawi kochepa munadzaza anthu oposa 150, ambiri mwa iwo ana ndi amayi ofooka ndi njala, ena ali ndi zilonda zosapola. Madzi akumwa, osamba ndi ochapira anali amtsinje womwewo umene uve wa mudzi wonse unkatsikiramo mvula ikagwa. Kamwazi ndi kutsekula m'mimba zinakhazikika pamudzipo, ndipo ana anayamba kufa. Dokotala wa mishoni, a John Dickinson, anafika mu Novembala, malo atasankhidwa kale ndipo nyumba zitamangidwa.

Tsopano nkhani ya mfuti, imene ambiri amailambalala. A Livingstone asananyamuke, gulu lawo linawomberana ndi Ayao pa 23 Julayi. Pochoka analangiza bishopu kuti asalowerere mikangano ya eni dera, koma chitsanzo anali atapereka kale. Mafumu a Amang'anja anayamba kubwera ku Magomero motsatizana kudzapempha thandizo. A Mackenzie sanavomere msanga. Anaika mfundo zawo: mafumuwo alonjeze kuti sadzagulitsanso munthu, kuti aliyense wogwidwa pankhondoyo adzamasulidwa, ndi kuti wogula anthu akafika m'mudzi adzapirikitsidwa. Mafumu anavomera. Pa 14 Ogasiti 1861 bishopu ndi anzawo anatsogolera khamu la Amang'anja kukathira nkhondo msasa wa Ayao n'kuutentha, ndipo mu Okutobala anachitanso chimodzimodzi kumbali ya nyanja ya Chilwa.

Cholinga chawo chinali choyera, sindikukayika. Koma taonani zomwe zinalakwika. Lonjezo la mafumu linalibe woonetsetsa kuti likusungidwa: nkhondo itangotha, ena mwa omwe ankathandizidwawo anayamba kudzitengera amayi ndi ana ogwidwa. Ayao ambiri omwe anawathira nkhondo sanali gulu la achifwamba ongodutsa. Anali mabanja osamuka kwawo kum'mawa kwa nyanja chifukwa cha nkhondo ndi njala, ofuna malo olima, ngakhale kuti ena mwa atsogoleri awo ankagulitsadi anthu. Ndipo azunguwo atayamba kumva chinenero anazindikira kuti ambiri mwa anthu omwe ankawasunga mu linga la Magomero anali Ayao, ndi kuti Amang'anja ena nawonso ankagulitsa anzawo. Wansembe Henry Rowley, yemwe anali nawo pa nkhondozo, anadzavomereza poyera pambuyo pake kuti Ayao anawaweruza molakwa. Bishopu wobwera kudzalalikira mitundu yonse ya m'mbali mwa Shire anapezeka kuti ndi mkulu wankhondo wa mtundu umodzi asanathe kulalikira m'chinenero cha mtundu uliwonse. Ku England nkhaniyi itamveka akuluakulu ampingo ena, kuphatikizapo a Edward Pusey a ku Oxford, anaidzudzula kwambiri.

Nkhondozo zinabweretsanso njala pakhomo. Kutentha msasa kunali kutentha nkhokwe zomwe, ndipo anthu othawa salima. Mishoni inalibe munda wokolola chaka chimenecho, inkadya zogula ndi nsalu ndi mikanda. Pofika Novembala ndi Disembala, miyezi yomwe ngakhale chaka chabwino chakudya chimachepa, midzi yozungulira inalibe chogulitsa, ndipo nsalu zinali kutha. Maso onse anali pa katundu watsopano wochokera kunyanja yamchere.

Apa ndi pomwe panayambira ulendo womaliza. Pakati pa Novembala bishopu anatsikira kwa Chibisa kukaonana ndi a Livingstone. Anapangana kuti Pioneer itsike kukatenga katundu pamodzi ndi mlongo wa bishopu, mayi Anne Mackenzie, ndi mkazi wa wansembe Henry Burrup, ndipo adzakumane pa 1 Januwale 1862 pomwe Ruo amathira mu Shire. Aliyense wodziwa Chiromo aona kale vuto: tsikulo lili pakati pa dzinja, malowo ndi otentha, achinyontho, oyandikana ndi dambo lalikulu lija la Elephant Marsh, udzudzu uli ng'waa. Iwo sankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu, poti zimenezi anadzazitulukira a Ronald Ross mu 1897. Ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo. Komabe ankadziwa bwino lomwe kuti chigwa chimapha ndi kuti kwinini amapulumutsa. A Livingstone anali ndi mapiritsi awo osakaniza kwinini ndi mankhwala otsuka m'mimba, ndipo lamulo lawo linali lakuti munthu asakhale chokhala m'chigwa. Chinawalimbitsa mtima molakwika n'chakuti a Burrup anali atangokwera mtsinje wonsewo pabwato mu Novembala osadwala kwenikweni. Mwayi wa munthu mmodzi anautenga ngati umboni wakuti mtsinje ulibe vuto.

Pofuna njira yachidule yapamtunda yochoka ku Magomero kukafika ku Ruo, bishopu anatuma ansembe awiri, a Lovell Procter ndi a Henry Scudamore, kumayambiriro a Disembala. M'mudzi wa Manasomba, cha ku Mulanje, anawaukira, kuwalanda katundu ndi kugwira ena mwa onyamula katundu awo. Bishopu anaona kuti sangazisiye. Masiku a Khirisimasi anatsogolera gulu kukalanga mudziwo, mvula ikugwa, mitsinje itasefukira. Anapeza anthu atathawa, anatentha nyumba, ndipo njira ya ku Ruo inakanikabe. Anabwerera ku Magomero tsiku la pangano litadutsa kale, atanyowa kwa masiku ambiri, m'mimba mutayamba kuvuta.

Sanapume. Pa 3 Januwale ananyamukanso ndi a Burrup kudzera njira yakale ya kwa Chibisa, akuwoloka mitsinje yodzaza, onse awiri akutsekula m'mimba. Kwa Chibisa anakwera bwato limodzi ndi Amakololo atatu. Usiku wina m'dambo muja udzudzu unawachulukira pomwe anagona, ndipo anaganiza zopitiriza ulendo mumdima. Bwato linagunda n'kugubuduka. Anthu onse anapulumuka poti panali posaya, koma katundu analowa m'madzi ndipo mankhwala onse, kwinini yemwe, anawonongeka. Analibe wina wapadera m'thumba kapena m'chitini chotseka. Apa panali posankha: kubwerera kwa Chibisa ndi kutuma munthu ku Magomero kukatenga kwinini wina, kapena kupitirira opanda mankhwala. Anapitirira, poopa kuti amayi aja afika pa Ruo n'kusowa wowalandira.

Anafika pa chilumba cha Malo, pomwe Ruo amathira mu Shire, pa 11 Januwale n'kumva kuti Pioneer yadutsa masiku ochepa apitawo, ikutsika kumene. Sitima yomwe ankaiyembekeza kuti ikubwera kuchokera kunyanja inali isanafike n'kunyanja komwe, chifukwa inakhala pamchenga masabata asanu kumtunda kwa dambo. Panalibe njira yodziwitsirana. Kuthamanga konse kuja, kuyenda usiku kuja, kunali kothamangira sitima yomwe sikanabwera kwa miyezi. Apanso akanatha kuitsatira kumunsi kapena kubwerera kumapiri. Anasankha kudikira pachilumbapo, ndipo bishopu anayamba kucheza ndi anthu akumeneko poganiza kuti malowo angadzakhale siteshoni ya mishoni. Malungo anawagwira. Popanda kwinini anafooka tsiku ndi tsiku, ndipo sabata yomaliza sankazindikira kanthu. Mfumu ya pachilumbapo, potsata mwambo wa maliro, sinafune kuti mlendo afere m'nyumba yake, choncho anawasamutsira m'kanyumba kena, momwe anamwalira madzulo a pa 31 Januwale. A Burrup, ali odwala zedi, anawolotsa mtembo ndi Amakololo aja kupita kumtunda. Anakumba manda pansi pa mtengo, ndipo kutada anawerenga mapemphero a maliro momwe akanathera.

Masiku omwewo sitima yonyamula mayi Anne Mackenzie, mayi Burrup ndi mayi Mary Livingstone inali ikufika kumatsiriro a Zambezi. A Burrup anawanyamula pamachira kubwerera ku Magomero, komwe anamwalira pa 22 Febuluwale. Amayi awiri aja anakwera mtsinje mpaka kwa Chibisa mu Malichi n'kukamva komweko kuti mlongo wa wina ndi mwamuna wa wina anaikidwa kale. Mu Epulo 1862 otsalawo anachoka ku Magomero kutsikira kwa Chibisa, kuthawa nkhondo ndi kamwazi n'kukalowa m'chigwa cha malungo. Chaka chimenecho mvula inakana ndipo njala yoopsa inapha anthu osawerengeka m'chigwa chonse. A Scudamore anamwalira pa 1 Januwale 1863, a Dickinson mu Malichi. Bishopu wachiwiri, a William Tozer, atafika mu 1863 anasamutsira mishoni pa phiri la Morambala, kenako ku Zanzibar mu 1864. Ambiri anawanena kuti ndi amantha, koma iwo anawerengera zomwe anzawo sanawerengere: njira ya katundu, mankhwala ndi manda. Mpingo unadzakhazikikanso kuno mu 1885 pa Likoma, utadzera kum'mawa, ndi sitima yakeyake panyanja.

Wina anganene kuti kufotokoza zonsezi n'kunyoza munthu wa Mulungu. Ine ndikuona kuti ulemu wawo umaonekera bwino nkhani ikakhala yonse. Uyu ndi bishopu yemwe ankadya chimodzimodzi ndi anzake, kumanga nawo nyumba, kutsuka zilonda za ana, ndi kuitana mayina a anthu ake m'mawa uliwonse asanapite kumapemphero. Sanathamangire kubatiza khamu la anthu omwe anali m'manja mwake, ngakhale kukanakhala kosavuta ndipo kukanakometsa malipoti opita ku England. Anafuna ayambe waphunzira chinenero kuti anthu amve chomwe akuvomera. Pobwera kunkhondo ya mu Ogasiti ija ananyamula paphewa kamtsikana kodwala komwe kanasiyidwa, mtunda wonse mpaka kumudzi. Mtima womwewo wosatha kuona munthu akuvutika n'kukhala chete ndi umene unawanyamulitsa mfuti, ndi umenenso unawakweza bwato opanda kwinini kuti mlongo wawo asasowe womulandira. Amene akuphunzira zaunsembe ku Zomba, pa koleji ya Leonard Kamungu, akuyenera kuiona mbali imeneyi bwinobwino, chifukwa nawonso adzafikiridwa ndi anthu odandaula a mbali imodzi, ofuna kuti abusa awo alowe nawo m'mkangano lero lomwe.

Pempho langa kwa madayosizi athu ndi kwa olemba mabuku asukulu lili pawiri. Mbiriyi ilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndi masiku ake ndi zolakwa zake, kuti iziphunzitsidwa m'makalasi a chilimbitso ndi pokumbukira 31 Januwale. Ndipo pa manda a a Burrup ku Magomero, a a Scudamore ndi a Dickinson ku Chikwawa, ndi pamalo pomwe bishopu anaikidwa cha ku Chiromo, pakhale zikwangwani zofotokoza m'zinenero zathu zomwe zinachitika pamalopo.

Zikwangwanizo zitchulenso eni dziko. Mfumu Chigunda inapereka malo. Amakololo atatu aja ndiwo anasamalira bishopu masiku ake omaliza ndi kukumba manda ake. Kamtsikana konyamulidwa paphewa kaja kanakula, kanadziwika ndi dzina lakuti Ann Daoma, ndipo a Horace Waller, mmodzi wa amishoniwo, atakana kusiya amayi ndi ana amasiye m'chigwa muja anakatengera ku Cape Town, komwe kanadzagwira ntchito yolera ndi kuphunzitsa ana amasiye kwa zaka zambiri. Mnyamata wina wa Chiyao womasulidwa mu 1861 n'kukhala ku Magomero anali Chuma, yemwe mu 1873 ndi 1874, pamodzi ndi Susi, mnzake wotumikira a Livingstone, anatsogolera anthu onyamula mtembo wa a Livingstone kuchokera kwa Chitambo mpaka kugombe la Bagamoyo. Ana ambiri omwe anafera mu linga la Magomero ndi kamwazi mayina awo sanasungidwe pamwala uliwonse, ndipo pa 31 Januwale tiziwatchula nawo m'mapemphero.

Ine wanu,
Mkhristu wa mpingo wa Anglican